Lamulo la Mpira Wogwa

Lolemba

Kutentha kwa Okutobala uno ndi kwankhanza. Sipanala ndaisiya padzuwa kanthawi kochepa chabe, poitola yandiwotcha ngati khala.

Ndikulemba m'kakope aka, osati m'buku la mapoyinti, chifukwa ndikapanda kulemba nditukwana munthu wa boma.

Nkhaniyi ndiiyale bwino lero lomwe, mawa mkwiyo ungaisokoneze. Mpira wa papepala kuno kwa Jumbe ndinauyambitsa ndine. Masipoko anabwera kuchokera ku Chipata atakulungidwa m'nyuzipepala ya Chingerezi, ndipo ndinaiwerenga masiku atatu, chala chili pamzere. Sukulu ndinalekezera giredi folo, zotsalazo ndinadziphunzitsa pansi pa bwemba uno, pakati pa njinga za anthu. M'pepalamo munalembedwa kuti kunja kuli anthu amene amasankha osewera enieni, ndipo osewerawo akachita bwino pabwalo, wosankha uja amapata mapoyinti ali chikhalire. Ndinati nanga ife tilibe osewera? Matimu athu folo amakumana Loweruka lililonse pabwalo la sukulu, ndi mpira umodzi womwewo, umene ukang'ambika ndimasoka ndine.

Tilipo anayi:
- ine, wokonza njinga, wosunga buku
- a Mulenga, aphunzitsi ochokera ku Kasama, amenenso amasunga mpira kusukulu
- Sista Mwiinga a kukiliniki
- a Njobvu, amene anapuma pantchito yolondera nyama ku Lupande

Aliyense ali ndi golokipa mmodzi ndi osewera atatu. Chigoli ndi mapoyinti 3. Golokipa akagwira mpira wopita m'goli, 2. Malamulo alipo eyiti, ndipo miyezi yonseyi sanatigwetsepo.

Loweruka lapitali, kona. Lazaro, golokipa wa a Mulenga, walumpha, waugwira ndi manja awiri, koma mpira wapulumuka m'manjamo, uyo ukugubuduzika kulowa m'goli. Yotamu, wakumbuyo wa timu yomweyo koma wosankhidwa ndi ine, waumenyera kunja uli pamzere penipeni. A Mulenga akuti Lazaro anagwira, 2 ndi yawo. Ine ndikuti wogwira n'kugwetsa sanagwire, wapulumutsa timu ndi Yotamu, 2 ndi yanga. Malamulo eyiti onse ali chete. A Mulenga ali pa 40, ine pa 39, ndipo Loweruka likubwerali ndi lomaliza mvula isanatibalalitsire kuminda.

Pamaso pa anthu a Mulenga anati, "Ba Makanika, malamulo mulemba ndinu, buku musunga ndinu, mapoyinti mupatanso ndinu. Bukuli likhale kusukulu."

Pakamwa pangapa panayankha ndisanapatume. Ndinati pofika Loweruka pakhala lamulo la nambala naini losayinidwa ndi tonse anayi, likapanda kukhalapo bukulo mutenge. Mboni zinali zambiri. Mpaka amayi ogulitsa zitumbuwa anamva.

Zochita sabata ino:
1. kulemba lamulo lalifupi, lomveka
2. kusayinitsa anthu atatu
3. osakweza mawu
4. gudumu lakumbuyo la njinga ya abusa

Bukulo ndi langa. Mizere yake ndinalemba ndi sipoko, rula ndinalibe.

Lachiwiri

Seveni awazi, lamulo latha kale. Mzere umodzi: "Golokipa akagwetsa mpira wa kona kapena wa firikiki, mapoyinti ake apite kwa amene waufika poyamba." Ndawerenga mokweza katatu. Palibe chokhota.

Teni awazi, kukiliniki. Ndadikira pabenchi pakati pa amayi a sikelo, pepala lili m'chipewa kuti lisanyowe thukuta. Sista awerenga chiimire. Ayamba kufunsa mofatsa, ndipo kufatsako n'komwe kumandipweteka:
- nanga woufika poyamba akakhala wa timu ina n'kumwetsa chigoli, apata 3 kapena 5?
- nanga golokipa akaugwetsa n'kuugwera yekha ndi mimba?
- nanga awiri akaufika pamodzi?
- nanga ukagunda mbuzi?

Za mbuzizo zinachitikadi mu Julayi, sindingakane.

Ndati Sista, ndabwera kudzasayinitsa, sindinabwere kudzapimidwa. Iwo akuti pepala la mabowo sasayina, pantchito pawo pepala lotere limagoneka munthu m'manda. Ndati pano palibe wodwala. Akuti, "Inu mukunjenjemera milomo, a Makanika. Khalani pansi."

Nambala 3 ya dzulo yalephereka kale. Khanda lina pasikelo lalira chifukwa cha mawu anga, amake andiyang'ana ngati ndine njoka.

Masana ndawonjezera. Naini woyamba, naini wachiwiri, naini wachitatu. Mbuzi ndaipatsa ndime yakeyake, pamodzi ndi galu, nkhuku ndi woonerera woledzera. Tsamba ndi theka. Likadali lomveka, kungoti munthu apume pakati.

A Njobvu abwera kudzapopa gudumu. Ndawawerengera zonse. Amvetsera maso ali pa pampu. Akuti iwo alibe vuto, pa mapoyinti ali kumchira kuyambira Juni, lamulo lililonse liwapeza komweko. Koma akuti zaka zonse za ntchito yawo sanalembepo lipoti asanakaime pamalo pamene chinthu chachitikira. Kodi Lazaro mwiniwake ndamufunsa ngati anagwira kapena ayi?

Sindinamufunse. Ndimufunsirenji, maso ndili nawo.

Chabwino, mawa ndipita. Munthu woona mtima ngati Lazaro avomera yekha kuti sanagwire, ndipo a Mulenga asowa poima.

Njinga ya abusa ikadali chagada.

Lachitatu

Ndapalasa mpaka kumunda kwa Lazaro, kutsidya kwa mtsinje wouma, njinga kukankha pamchenga. Ndamupeza akuzula mitengo ya thonje ya chaka chatha. Bambo wa ana anayi, wosalankhulalankhula. Moni, moni. Ndamufunsa mwachindunji monga ndimachitira, kuti kodi mpira uja unagwira kapena sunagwire.

Wayang'ana manja ake kaye. "Kugwira ndinagwira, amalume. Koma unali ngati mlamba. Ukaufinya ndiye ukuthawa."

Ndati mpira ndi mpira, mlamba uli m'madzi. Sanatsutse. Wanditengera kunyumba kwake, wandionetsa juzi yake ili pampanda. Akazi ake aichapa katatu, koma pachifuwa pakadali chibanga chakuda chozungulira. Mayiwo akuti sakudziwa kuti amuna awo amakumbatira chiyani kumpirako, juzi imanunkha ngati njinga.

Ndainunkhiza.

Fungo limenelo ndimalidziwa. Lili m'zikhadabo zangazi.

Lachisanu lapitalo mpira unabwera kwa ine kudzasokedwa. Chikopa chake chinali chitang'aluka ngati zidendene za mlimi, ndipo mpira wina kulibe kuchokera kuno mpaka ku Chipata. Nditasoka ndinatenga chitini cha girisi, ndinaupaka, ndinauika padzuwa kuti alowe, ndinapakanso. Katatu. Palibe anandituma. Unanyezimira ngati watsopano, ndipo ndinaubwezera kusukulu mutu uli m'mwamba.

Lazaro akuti kumsika ayamba kumutcha manja a therere. Akuti ndikawapepesere a Mulenga chifukwa wawatayitsa mapoyinti. Iye kupepesa!

Ndipo ine, amene ndinauza mkulu wa mpingo pamaso kuti ulaliki wake unali wautali kuposa msewu wa ku Mfuwe, ine ndangoti, zimachitika, Lazaro. Ndakwera njinga.

Kunyumba akazi anga, amake Tisa, sanadabwe. Akuti anandiona Lachisanu lija ndikupaka, anayesa ndikufuna kuukazinga. Afunsa kuti ndiwauza liti anzangawo. Ndati choyamba lamulo lisayinidwe, zinazo pambuyo. Akuti, "Oho." Basi. Oho yekhayo ndamutafuna tsiku lonse.

Ndidzitsutse pano, poti palibe woona:
- sindinapake kuti Lazaro agwetse
- koma wagwetsa
- ndipo woufika poyamba ndi wanga

Aliyense amene angamve izi anena mawu amodzi okha: wakuba.

Lachinayi

M'mawa kusukulu. Ndauza a Mulenga kuti mpira ndikufuna kukaupopa usanafike wa Loweruka. Autulutsa m'kabati, andipatsa ndi manja awiri. Akuti, "Pa malamulo tikangana, ba Makanika, koma pa mpira pokha ndimakukhulupirirani."

Bwenzi atangondimenya khofi.

Kuseri kwa nyumba, beseni. Phulusa, sopo, mchenga wa kumtsinje, chisononkho cha chimanga. Madzi oyamba akuda bii. Achiwiri akuda. Achinayi ayamba kuoneka ngati madzi. Ndauanika pathandala. Pofika thwelofu awazi wauma, wotuwa mbuu, wolimba ngati chipanda. Ndaumenya ndi phazi kuti ndiyese. Chala chachikulu chikundifunsa mpaka pano.

Koma suterera. Ngakhale mwana angaugwire.

Kenaka ndatsegula buku la mapoyinti kuti ndingoona. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndimalemba chilichonse. M'mphepete mwa masamba muli zilembo zangazanga: "ndasoka mpira, ndapaka." Kamodzi mu Juni, kamodzi mu Ogasiti, ndi kano. Ndipo Loweruka lililonse lotsatira mawu amenewo, magolokipa onse anayi akugwetsa mipira ngati aledzera. Masabata enawo, zii. Mu Ogasiti ndinalembanso pansi pake kuti magolokipa a masiku ano alibe mtima. Ndi dzanja langa!

Zonse ndi za pensulo. Kachidutswa ka chubu kamafufuta bwino pensulo, ndinazitulukira ndekha. Ndakagwira kachidutswako nthawi yaitali, mpaka basi ya ku Chipata yafika, yadzaza, yanyamuka. Sindinafufute. Sindikudziwa ngati ndi chilungamo kapena kungoti bukulo lilibe pofufutidwa ngakhale pamodzi ndipo sindifuna kuyamba.

M'malo mwake ndawonjezera ndime. Naini wachisanu ndi chiwiri: "Mpira ukakhala woterera pa chifukwa chilichonse, golokipa asanyozedwe." Ndinaona ngati ndime imeneyi imutsuka Lazaro popanda kundidetsa ine. Lamulo lafika masamba atatu.

Sista adutsa poweruka, aima, apempha kuona. Awerenga onse atatu, chala chikutsika pang'onopang'ono. Chaima pa ndime yatsopanoyo.

"Woterera ndi chiyani, mu Okutobala? Mvula sinagwe kuyambira Epulo."

Ndati mame. Ayang'ana kumwamba. Ayang'ana fumbi pansapato zawo. Andibwezera mapepala osasayina, akuti tionana mawa pamsonkhano.

Mame! Ine munthu wamkulu.

Abusa atumiza uthenga wofunsa za njinga. Ndati masipoko akuvuta.

Lachisanu

Nzeru ya lero inali yophweka. Sikisitini awazi, pansi pa bwemba, ndiwerenge lamulo, asayine, ndikhale chete. Za girisi ndidzanena sabata ya mawa buku lili m'manja mwanga. Ndinabwereza zimenezi m'mawa wonse ngati pemphero.

Abwera onse atatu. A Mulenga pampando, Sista pabenchi, a Njobvu pa tayala. Ndawerenga. Pofika pa mbuzi a Njobvu ayamba kuwodzera. Ndamaliza kukhosi kutauma.

A Mulenga akuti masamba onsewa ndi kuwononga mapepala. Vuto si lamulo, vuto ndi Lazaro. Akuti alankhula kale ndi kaputeni wa timu yake, mawa Lazaro akhala panja, pagoli paima wina, ndipo akupempha kuti m'buku tiwasinthire golokipa. Akuti munthu wa manja a therere apite akalime thonje, mpira wamukana.

Pemphero lonse lija linatha pomwepo.

"Therere ndinu, a Mulenga! Munthuyo anagwira. Mpira ndinaupaka girisi ndine, katatu, ndi manja awa. Mu Juni ndine, mu Ogasiti ndine. Werengani, si ndinu ophunzira?"

Ndaponya chitini cha girisi pakati pawo, ndatsegula buku pa masamba aja, ndawaika pamaondo pa a Mulenga. Ndinakuwa ndithu. Kondakitala wa minibasi analeka kuitana anthu a ku Mfuwe kuti amve bwino.



A Njobvu atsegula maso. Akuti Loweruka lija anaima kuseri kwa goli, anaona mpira ukunyezimira ngati mphuno ya mvuu, ndipo anangodikira kuti mwiniwake anene.

Sista ayamba kuseka. Aphimba pakamwa ndi masamba anga atatu aja, mapewa akugwedezeka, misozi ikutsika. Akuti, "Mame."

A Mulenga okha sanaseke. Awerenga m'mphepete monse, Juni, Ogasiti, Okutobala. Kenaka afunsa motsitsa mawu ngati posankha Yotamu ndinali nditadziwa kale kuti mipira izigwa.

Funso limenelo linandipweteka kuposa chala cha dzulo. Ndati Yotamu ndinamusankha chifukwa ndi mlamu wanga ndipo amake Tisa anati ndikapanda kumusankha ndiziphika ndekha. Ndati ndine wopusa, inde, lembani, koma wakuba ayi. A Mulenga andibwezera buku. Akuti, "Ndamva."

Mapoyinti 2 aja ndawalemba ndekha kwa a Mulenga. Afika pa 42. Lamulo palibe walikhudza, ndipo ndinalibe nkhope yowapatsira bolopeni.

Dzuwa lisanalowe ndapalasa kwa kaputeni, ndamuuza zonse ndi kuti Lazaro akapanda kuima pagoli mawa mpira sindidzausokanso. Kuchoka apo, kwa Lazaro. Ndamuuza pamaso pa akazi ake. Iye wangoti zikomo amalume pobwera. Mayiwo ndiwo anandionetsa kukula kwa sopo amene watha.

Loweruka

Pofika fiftini awazi Jumbe yense akudziwa. Ndikulowa pabwalo, buku m'khwapa, mbali yonse ya kumango ikuitana, a Girisi, a Girisi afika. Ndawavulira chipewa. Nanga ndikanatani?

Mpira wotsukidwa uja ukulira ngati ng'oma. Wokankha woyamba wadumpha ndi mwendo umodzi. Yotamu waumenya ndi mutu kamodzi, wakhala pansi, wafunsa kuti kodi ndi tsiku lanji.

Koma Lazaro!
- kona yoyamba, wagwira
- firikiki ya patali, wagwira
- kona ina, anthu asanu pamwamba pake, watuluka nawo uli pachifuwa
- wina wamenya ali pafupi ngati pano ndi apo, wagwira, bwalo lonse lamva kulira kwa manja

Mipira yogwidwa, yonse pamodzi, seveni. Uliwonse ndikulemba 2 pansi pa dzina la a Mulenga, ndipo uliwonse a Mulenga akudzuka n'kuvina kavinidwe kakwawo, taye ili pamsana. Golokipa amene dzulo amafuna kumutumiza kuthonje.

Masewera awiri onse, mpira sunagwe m'manja mwa munthu ngakhale kamodzi. Masamba anga atatu anali m'thumba tsiku lonse, palibe ndime imodzi imene inafunika. Mbuzi zinadutsa ziwiri, mpira sunazikhudze.

Zotsiriza: a Mulenga 56, Sista 44, ine 42, a Njobvu 27. Sista andidutsa ndi chigoli cha mphindi yomaliza, ndipo akuti sanachione n'komwe, amagula nthochi.

Lazaro wabwera atatambasula manja, zikhatho zofiira psuu. "Amalume, lerolo mwaupaka chiyani?" Ndati phulusa. Akuti ngati n'kotheka, chaka cha mawa tipeze chapakati.

Loweruka lafika, lamulo silinasayinidwe. Ndaima pafupi ndi goli kudikira kuti a Mulenga abwere kudzatenga buku pamaso pa anthu monga ndinalumbirira. Adutsa, andigwira paphewa, akuti mwalemba bwino lero, apita. Za buku sanatchule.

Zimenezo ndiye zandiipira kwambiri. Akanalanda, bwenzi ndili ndi wokwiyira.

Lamulungu

Abusa abwera kutchalitchi wapansi, fumbi mpaka m'maondo. Polalikira za anthu olonjeza sanayang'ane kwa ine. Mpingo wonse ndiwo unayang'ana.

Titaweruka ndatenga buku, ndapita kunyumba kwa a Mulenga kusukulu. Ndapeza Sista ndi a Njobvu ali pakhonde, akumwa munkhoyo. A Mulenga akuti nkhani ija tingoisiya, mawu a mkwiyo sawerengedwa. Ndati anga amawerengedwa, chifukwa ena ndilibe. Ndaliika patebulo.

Alikuta ndi pepala la khaki, m'makona mopinda bwino. Likuoneka ngati buku la boma tsopano. Kenaka atsegula tsamba latsopano, alemba lamulo la nambala naini. Mzere umodzi: "Mpira ukagwa m'manja, palibe wopata kanthu." Sista asayina osafunsa funso n'limodzi lomwe. A Njobvu asayina. Ine ndinafuna kufunsa za mbuzi, koma ndaona kuti nayonso ili momwemo. Ndasayina. Ndawauza kuti lamulolo ndi labwino kuposa langa, ndipo ndanena mokalipa kuti asazolowere.

Sista awonjezera la nambala teni, kuti mpira ukachoka kwa ine uziyamba wadutsa kukiliniki aununkhize. Nalo ndasayina.

Poti tinali pamodzi, a Mulenga akuti tisankhiretu osewera a chaka cha mawa, kuyambira wakumchira kukwera. A Njobvu ayamba, asankha mdzukulu wawo amene sanamwetsepo chigoli chibadwire. Kenaka ine.

Ndati Lazaro.

Bolopeni ya a Mulenga yaima m'mwamba. Andiyang'ana, ayang'ana Sista, ayang'ananso tsamba. Lamulo loyambira kumchira ndi lawo lomwe. Alemba dzina la Lazaro pansi pa langa, pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo.

Ndabwerera kunyumba manja ali lende. Lamulungu masana ndinkakhala pansi pa bwemba kuwonkhetsa mapoyinti, lero ndakhala chabe. Amake Tisa afunsa ngati ndikudwala. Ndati ayi, buku lapita. Akuti ndiye mwina abusa akwera njinga yawo chaka chino.

Dzanja la a Mulenga ndi labwino kuposa langa, nazonso ndivomere. Zilembo zake zimaima chilili pamizere yanga.